Mmene ndinaphera khutu langa ndi ampu ya masipika

Ambiri a inu mukundidziwa. Ena tinanyamulirana masipika pa maukwati, ena tinalandana makasitomala, ena munkandiseka ndikudzandira pa depoti ya Balaka dzuwa likuswa mtengo. Sindikukwiyirani, ndinali woseketsadi. Kwa amene simundidziwa, ndine Gervazio, ndimajambula makwaya ndi kubwereketsa zokuzira mawu. Atsogoleri a gulu lathu lino la ogwira zokuzira mawu andipempha kuti ndinene zimene zinandichitikira, ndipo ndinena zonse osabisa, chifukwa ndikuona mahedifoni ali lende m'makosi mwa theka la inu.

Ntchitoyi anandiyambitsa ndi Mayi Nachuma, amene ankatsogolera kwaya ya tchalitchi chathu kufupi ndi Nselema. Ndinalowa kwaya ndili mnyamata. Tsiku lina ndinawauza kuti pamzere wachiwiri pali wina akutsitsa nyimbo, ndipo ndinamuloza. 

"Iwe kuimba sutha," anatero, "koma umamva. Choka pamzerepo, kakhale pa mikisa, makina osakanizira mawu aja."

Ndinakwiya tsikulo, koma ankanena zoona. Makutu anga ndiwo anandimangira nyumba ku Balaka, ndiwo anandigulira masipika, ndiwo ankadyetsa mkazi wanga Agnesi ndi ana. Kwaya ikaimba anthu makumi atatu, ine ndinkadziwa amene ali ndi chimfine.

Matenda anga anayamba ngati chinthu chabwino. Ndinali ndi mahedifoni a pamsika, aja amasweka pakatha miyezi iwiri. Ndinapeza ena pa kaunjika, abwinoko, ndipo ndinamva zinthu m'nyimbo zimene ndinali ndisanazimvepo. Basi, njala inayambira pamenepo. Ndinalowa m'magulu a pa foni momwe anthu akunja amakangana za mahedifoni tsiku lonse, ndinayamba kunyoza anga amene dzulo lake ndinkawatama. Ndinagulitsa mbuzi, ndinatumiza uthenga kwa mlamu wanga ku Joni kuti andipezere aakulu enieni a mu situdiyo, otsegula kumbuyo, a nsalu yofewa m'makutu. Atafika pa basi ndinawanyamula ngati khanda.

Nditawalumikiza ku laputopu, mtima unangoti phwa. Mawu ankamveka patali, opyapyala, ngati wailesi ya kwa aneba. Ndinakweza mpaka kumapeto, koma ayi ndithu. Ndinathamangira kwa Che Saidi, mkulu amene amakonza mawailesi pamsika, munthu amene anandiphunzitsa kugwira chowotcherera mawaya.

"Che Saidi, mlamu wandigulira zakufa."

Anawatembenuza, anawayeza ndi mita yawo, kenako anaseka.

"Iyayi, si zakufa izi. N'zolimba. Mwaona nambala iyi pa pulagi? Ya mahedifoni a pamsika imakhala yaing'ono, iyi ndi yaikulu kwambiri. Laputopu yanuyo ilibe mphamvu yozikankha. Zimafuna ampu yakeyake yowonjezera mphamvu, kakang'ono, kopangidwira mahedifoni basi. Ndipatseni mwezi umodzi ndipeze zipangizo, ndikumangirani."

"Mwezi wathunthu? Ampu ndili nayo kunyumba, imayendetsa masipika anayi."

Anasiya kuseka.

"Wallahi, a Gervazio, musayerekeze. Ija ndi yodzazira bwalo la mpira. Inu mukufuna muiloze m'khutu."

Ndinavomera ndi pakamwa pokha. Pobwerera kunyumba ndinkadziuza kuti mdalayo akufuna kungodyapo. Masana omwewo ndinadula waya, ndinawotcherera jeki yolowetsamo pulagi ya mahedifoni, ndinalumikiza mahedifoni anga pomwe pamatuluka mawaya a masipika. Sindinaikepo chilichonse chochepetsa mphamvu. Ndikudziwa kuti muno muli ena amene munachitapo zomwezi, musayang'ane pansi.

Ndipo sindikunamizani, zinakoma. Ichi n'chimene chimapha, abale anga, zikanakhala zoipa ndikanazisiya tsiku lomwelo. Ndinkamva oimba akukoka mpweya. Ndinkamva benchi ikulira wina akasuntha, ndinkamva pepala la nyimbo likutembenuzidwa. Besi inkagunda mpaka m'mano. Chokwezera mawu ndinkangochigwedeza pang'ono kuchoka pa ziro, ndipo zinkakwana. Patatha sabata ndinali pa wani. Patatha mwezi ndinali pa thuu, ndikumati nyimbo za masiku ano akuzijambula motsika.

Ndinkavala kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ndikavula, m'makutu munkalira kamluzu, nziii, koma ndikagona kankatha. Kenako kanayamba kufika mpaka m'mawa. Kenako kanasiya kuchoka. Agnesi ankati akakhala pakhonde amamva nyimbo yonse ikutuluka m'mutu mwanga, mawu ake onse. Ine ndinkamuyankha kuti za situdiyo sazidziwa.

Tsiku lina masana ndikusakaniza nyimbo, mawu anangoduka. Ndinayesa kuti ndi waya wanga uja wamasuka, ndiye ndinakweza chokwezera mpaka pakati ndikugwedeza jeki. Sindinadziwe kuti ndi magetsi azima, chifukwa laputopu inali ikuyakabe ndi batire. Magetsi anabwera mahedifoni ali kumutu.

Sindingathe kukufotokozerani phokoso lake. Ndinazindikira ndili pansi, mpando uli uko. Khutu la kumanzere linangoti gwa, ngati mwalowa madzi. Ndinatola mahedifoni kuti ndione ngati apsa. Tangoganizani, chinthu choyamba chimene ndinada nacho nkhawa ndi chimenecho. Anali bwinobwino, ndipo ndinathokoza Mulungu.

Sindinauze munthu. Munthu wa ntchito yathu akanena kuti sakumva, wadzichotsa yekha ntchito. Ndinaphunzira kutembenuza mutu mochenjera, kuseka ena akaseka, kuyankha kuti "eya, eya" pa zinthu zimene sindinamve. Ndipo ndinapitiriza kugwiritsa ntchito ampu yomweyo, tsopano mokweza kuposa kale, chifukwa khutu limodzi linkagwira ntchito ya awiri.

Zinthu zinatsetsereka msanga. Mawu oonda, a masoprano ndi a ziwaya za ng'oma, ndinkawamva ofooka, ndiye ndinkawawonjezera m'nyimbo iliyonse. Kwa ine zinkamveka bwino. Kwaya ina ya ku Ngokwe inabweranso ndi nyimbo zimene ndinawajambulira, akuti zikubaya m'makutu, anthu akuzimitsa. Ndinawatukwana kuti mafoni awo ndi achabechabe. Anapita kwa wina wa inu, ndipo anachita bwino. Makwaya ena anatsatira.

Mluzu uja unakula. Amene simunaumve simungadziwe. Sumapuma, sumatopa, uli nawe pakudya, uli nawe m'tchalitchi. Ndinapita kwa sing'anga wina kuseri kwa Nkaya. Anandiuza kuti pali munthu wogwira mawaya amene akundichitira nsanje, ndipo anandithira mafuta akuda m'khutu. Ine ndinkafuna kumva zomwezo, kuti wolakwa ndi wina. Ndinapita pamsika, ndinaima pa benchi ya Che Saidi, ndinawatchula mfiti pamaso pa anthu onse. Mkulu amene anandichenjeza. Iwo anangopitiriza kuwotcherera wailesi imene inali m'manja mwawo.

Kachasu ndinamupeza chifukwa ankandigonetsa. Poyamba kabotolo kamodzi pogona, kenako ndi m'mawa womwe. Agnesi akayankhula ndi ana ndinkaona milomo yokha ikuyenda, ndiye ndinkati akundinena. Ndinamukalipira kuti asiye kunong'ona m'nyumba mwanga, pamene iye ankayankhula monga mwa masiku onse. Tsiku lina ndinamukankha, anagwera pa ndowa. Anatenga ana napita kwa amayi ake. Ndikunena zimenezi iye ali pomwe pano, wakhala kumapeto uko, ndipo wandilola kuti ndinene.

Ndinakhala ndekha miyezi itatu, ine ndi mluzu ndi botolo. Kenako kunabwera uthenga kuti Mayi Nachuma amwalira.

Achibale awo anali atamva mbiri yanga, koma anati mayiwo asanatsikire kuli chete ananena okha kuti pa maliro awo mikisa adzagwire ndi Gervazio. Ndinakweza katundu pa lole kupita ku Nselema. M'mawa wa tsiku loika ndinamwa pang'ono kuseri kwa nyumba kuti ndilimbe. Ndinaimika masipika pansi pa mtengo wa mango, ndinayala mawaya, ndinakhala pa mikisa kumbali ya amuna. Anthu anali ochuluka, Akhristu ndi Asilamu omwe, chifukwa mayiwo anali wa aliyense. Agnesi ndinamuona kumbali ya amayi, pafupi ndi bokosi. Sitinapatsane moni.

Mapemphero anayenda bwino. Kenako kwaya inaimirira kuti iimbe nyimbo yomaliza, imene mayiwo anaiphunzitsa okha. Oimba ena anali akulira, ndiye anasendera pamodzi, maiki inafika pafupi ndi sipika. Masoprano sindinkawamva. Ndinachita zimene ndinazolowera, ndinawawonjezera. Sanamvekebe, ndinawonjezeranso.

Mluzu unakwera, nziii, wakuthwa kuposa masiku onse.

Apa mvetsetsani, chifukwa m'pamene pali nkhani yonse. Aliyense wa inu akamva sipika ikulira choncho dzanja limathamangira lokha pa mikisa, simuganiza n'komwe. Ine ndinachita zimenezo zaka zambiri. Koma tsiku limenelo ndinayesa kuti ndi wanga uja. Ndinati wakwera chifukwa cha chisoni ndi mowa. Ndiye ndinachita zimene ndinkachita nthawi zonse ukandikwerera pagulu. Ndinakhazika nkhope bwinobwino, ndinapinda manja pachifuwa, ndinaweramitsa mutu ngati munthu wopemphera, kudikira kuti upite.

Nditadzutsa maso ndinaona amayi atatseka makutu ndi zitenje. Ndinati akulira. Ndinaona makanda akukuwa kumsana. Ndinaona kwaya yasiya kuimba, onse akuyang'ana kuno. Akatekisiti ankandikupizira buku la nyimbo, ine ndinawagwedezera mutu mwaulemu. Mumtima ndinkati, taonani mmene ankawakondera mayiwa.

Mukudziwa kuti pa maliro mkazi sadumpha kupita kumene kwakhala amuna. Agnesi anadzuka, anadutsa kumutu kwa bokosi, anapyola pakati pa mipando ya akuluakulu, anthu onse akumuyang'ana. Anafika pamene panali ine, anawerama, anazula pulagi ya ampu.

Ndinaona mapewa a anthu onse akutsika nthawi imodzi. Amayi anachotsa zitenje m'makutu. Kwa iwo kunali kutati zii. Kwa ine mluzu unangotsikako pang'ono, n'kupitiriza.

Pamenepo m'pamene ndinazindikira chimene chachitika. Mowa wonse unandithera m'thupi. Ndinali nditaboola makutu a mudzi wonse pa maliro a munthu amene anandiuza kuti ndimamva, ndili khale, manja pachifuwa.

Agnesi anagwada pafupi ndi mpando wanga monga amachitira amayi pagulu. Anandiyang'ana kumaso kuti ndione milomo yake, ndipo anayankhula pang'onopang'ono.

"Bambo a Tadala, simukumva eti?"

Ndinali nditakonza bodza, linali kale pa lilime. Ndinkafuna kunena kuti ndi waya. Koma nkhope yake inalibe mkwiyo, inali ndi mantha okhaokha.

"Sindikumva," ndinatero. Kanali koyamba kutulutsa mawu amenewo.

"Kuyambira liti?"

"Chaka chatha."

Anagwira pakamwa. Mchimwene wa malemu anabwera, munthu wofatsa, anandigwira paphewa.

"Chotsani katundu wanuyu, achimwene. Tiimba pakamwa."

Anaimba pakamwa. Gulu linanyamuka kupita kumanda, ine ndinatsala pansi pa mango ndikukulunga mawaya. Sindinaponye dothi m'manda a Mayi Nachuma. Chimenecho chimandipweteka mpaka lero, ndipo palibe chimene ndingachite kuti chikonzeke.

Kubwerera kunali kwapang'onopang'ono, ndipo sikunayambire kuchipatala. Agnesi anati sabwerera kunyumba ndisanakapepese Che Saidi. Ndinapita pamsika pomwe ndinawatukwanira, nthawi yomweyo ya anthu ambiri, ndinavula chipewa, ndinanena mokweza kuti ndinawanamizira. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ine ndinakukhululukirani tsiku lomwelo," anatero. "Ndinaona mmene munkatembenuzira mutu, ndinadziwa kuti mwachita zimene ndinakuletsani. Waya uja mukadali nawo?"

"Ndili nawo."

"Kabweretseni."

Ndinakautenga. Anaudula zidutswazidutswa ndi pulayazi, anauponya m'chitini cha zinyalala.

Kenako tinakwera basi kupita ku Blantyre, kumene amayeza makutu. Anandiika m'kachipinda kotsekedwa, anandiveka mahedifoni, anati ndikamva kulira ndizidina batani. Ndinakhala nthawi yaitali chala chili m'mwamba, ndikudabwa kuti ayamba liti. Anali atayamba kale. Adokotala anandionetsa pepala. Khutu la kumanzere latsala pang'ono kutheratu, ndipo mafuta a sing'anga aja anawonjezera chilonda. La kumanja likumva mawu okhuthala ndi apakati, koma oonda anapita. Ndinafunsa za mankhwala. Anati chilonda chipola, koma zimene zinafa m'katimo sizimeranso. Anati chimene chatsala ndi chimenecho, ndikachisamala ndifa nacho, ndikapitiriza zakale ndidzakhala mu mluzu wokhawokha.

Mowa sindinausiye tsiku limodzi, ndisakunamizeni. Ndinagwa kawiri. Chimene chinandithandiza ndi gulu la anzathu osiya mowa limene limakumana kutchalitchi Loweruka, ndiponso nzeru ina yaing'ono imene anandipatsa kuchipatala: pogona ndizisiya wailesi ikulira motsika kwambiri, kuti mutu ukhale ndi china chomvera kupatula mluzu. Zikumveka zachibwana, koma zinandichotsera chifukwa chimene ndinkamwera.

Che Saidi anandimangira ampu ija, kakang'ono, kokwana m'dzanja. Inatenga masabata atatu, osakwana ndi mwezi womwe ndinakana kudikira. Mahedifoni omwewo amamveka bwino pa iyo, odzaza, popanda kukuwa. Pa chokwezera mawu anaboolapo naikapo sikuluwu, kuti chikafika pamene adokotala ananena chisapitirire. Tsiku lina ndinawapempha kuti aisunthe pang'ono. Anandiuza kuti ndikaikhudza ndisadzapondenso pa benchi yawo.

Tsono mverani, inu amene mukufuna kugula mahedifoni abwino. Gulani, sindikuletsani, ndi okoma. Koma musanagule funsani nambala ija, mudziwe ngati chimene muli nacho chingawayendetse. Akamveka motsika, si akufa, ndipo yankho lake si ampu ya masipika. Pezani yakeyake, ngakhale mudikire miyezi iwiri. Mawu akaduka mwadzidzidzi, vulani kaye musanagwire china chilichonse, mutsitse mpaka pa ziro. Ine ndimavula pakatha ola lililonse, ndimatuluka panja. Ngati munthu wayima pafupi nanu akuyankhula inu osamumva, mwakweza kwambiri. Ndipo pa maukwati, mukamaima kutsogolo kwa masipika tsiku lonse, ikani zotsekera m'makutu. Anzanu akusekani, asiyeni aseke.

Ntchito ndinabwerera nayo, koma osati ndekha. Besi ndi mawu apakati ndimasakaniza ine. Masoprano amamvera ndi Agnesi, ine ndikuyang'ana mizere pa laputopu. Akakwinya nkhope ndimatsitsa, osatsutsa. Mkazi amene ndinkati za situdiyo sazidziwa ndiye amene amapereka chilolezo nyimbo isanatuluke. Pa zochitika za pagulu sindikhalanso pa mikisa popanda wina pambali panga.

Ena akamva nkhaniyi amati Mulungu anandibwezera zonse. Iyayi. Anandibwezera banja, anandibwezera ntchito, ndipo ndikuthokoza. Makutu sanabwerere. Pali china chimene palibe anandiuza, ngakhale adokotala. M'banja muli mawu ena amene sanenedwa mokuwa. Amanenedwa motsitsa, pafupi, ana ali chipinda chinacho. Agnesi anayesa kangapo. Ine ndinkati "wati chiyani?", iye n'kubwereza mokwezako, ine "wati chiyani?" kachiwiri. Pofika kachitatu mawuwo amakhala atasanduka chilengezo, ndipo amangoti, "Basi, palibe." Pano anasiya. Sikuti wakwiya. Kungoti mawu amenewo alibenso polowera.

Ndisanakhale pansi ndikupemphani chinthu chimodzi. Vulani mahedifoniwo m'makosi, ikani mafoni pansi, tikhale chete pang'ono. Aliyense angomvetsera.

Amene mukumva kamluzu m'chipinda chopanda phokosochi, kwezani dzanja. Musachite manyazi.

Ndikuona manja anayi. Asanu. Inu asanu musapite msonkhano ukatha, tikambirane za ulendo wa ku Blantyre sabata ino, osati mwezi wamawa.

Achimwene kumbuyoko, ndikuona milomo yanu ikuyenda, ndiye kuti mukundifunsa kanthu. Pepani. Bwerani kutsogolo kuno, muime mbali ya kumanjaku, mundiyang'ane kumaso.